Limba Lonong'ona la a Kuramochi

A Kuramochi Sadao anatha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi akuboola matikiti pa geti la siteshoni ya sitima, ndipo pa zaka zonsezo palibe wapaulendo ndi mmodzi yemwe amene anawayang'ana kumaso. Anthu ankangoona dzanja ndi kachitsulo koboolera, kamene kankalira kuti khe khe khe ngakhale tikiti palibe, poti dzanja likazolowera silipempha chilolezo kwa mwini wake. Pa geti munthu saima. Akaima ndiye kuti pali cholakwika, ndipo pa geti la a Kuramochi sipankalakwika kanthu. Iwo ankati munthu wabwino ndi amene sadziwika kuti alipo, ndipo tikatengera muyezo umenewo, mu mzinda wonse wa Matsudo munalibe wowaposa.

Kenaka kunabwera mageti a makina, omeza okha tikiti n'kuilavulira kutsogolo. A Kuramochi anawasamutsira ku chipinda chosungiramo katundu woiwalika m'sitima, kumene anatha zaka zina khumi ndi ziwiri akumata manambala pa maambulera. Tsiku lopuma ntchito anawapatsa maluwa, ndipo bwana wolankhula analakwitsa dzina lawo kawiri. Kawiri konseko iwo anawerama n'kuthokoza.

Munthu anapuma, koma dzanja linakana. Kunyumba, pa nsanjika yachinayi ya mdadada wakale wopanda chikepe, dzanja lija linkagwira chilichonse chotseka ndi kutseguka n'kumachiliza tsiku lonse.

"Bambo, sizasi imeneyo yakulakwirani chiyani?" ankatero akazi awo, a Tomie. "Tapitani mukawombedwe mphepo kumtsinje. Nyumba ino siikwana anthu awiri opanda chochita."

Lamlungu lina la mwezi wa Okutobala anapitadi kumtsinje, monga munthu wothamangitsidwa mwaulemu. Pa bwalo la m'mphepete mwa madzi anapeza madoda asanu ndi atatu ataimika mabokosi a matabwa pa timangolo, aliyense akupukusa lake, mabokosiwo akuimba okha. Anali malimba opukusa, opanga okha kunyumba: ukapukusa mpini, mvukuto wa m'kati umapopa mphepo, mphepo n'kulowa m'zitoliro za matabwa. A Kuramochi nyimbo sanazisamale kwenikweni. Chimene chinawaimitsa chinali chikatoni chachitali chopindapinda, chimene chinkalowa mbali ina ya bokosi n'kutulukira mbali inayo. Chinali mabowo okhaokha. Bowo lililonse likafika pamalo pake, chitoliro chimodzi chinkalira.

"Pepani," anatero kwa bambo wina wamimba yaikulu, amene limba lake linkauwitsa agalu a tsidya lina. "Mabowowa amaboola ndani?"

"Tokha, achikulire, ndi manja athuwa! Nyimbo imodzi mabowo zikwi ziwiri. Ndiyo ntchito imene aliyense pano amaithawa ngati njoka."

Bambo ameneyo anali a Shiotani, dokotala wa mano wopuma, wapampando wa Bungwe la Opukusa, munthu wolankhula ngati aliyense ali kutsidya kwa msewu. M'thumba la jekete la a Kuramochi dzanja lija linachita khe khe lokha.

Sipanathe mwezi, bungwe lonse linali litawatulira zikatoni zawo. Ndipo kunena zoona, mabowo a a Kuramochi analibe anzake: oongoka, osalala, osaphonya ndi limodzi lomwe. Madodawo ankawayamikira ndi mtima wonse, monga mmene munthu amayamikirira wina amene wamulandira katundu wolemera.

Koma bungwelo linali ndi lamulo lake, lolembedwa patsamba loyamba la buku lofiira limene a Shiotani ankayenda nalo m'chikwama. Limba lopanga wekha silinabadwe kufikira litaimba panja pa msonkhano wa Okutobala, ndipo mlendo, munthu amene sukumudziwa, ataima n'kumvetsera nyimbo imodzi kuyambira poyamba mpaka pothera. M'bale sawerengedwa, mnzako sawerengedwa. Mlendo akaima, limba limalembedwa m'buku, dzina la mwini wake pambali pake. Pa chakudya cha bungwe olembedwa m'buku amakhala pansi, osalembedwa amathira tiyi. A Kuramochi anathira tiyi zaka zisanu ndi ziwiri. Tiyiyo sankawavuta, anali munthu wothira bwino. Chimene chinkawadya mumtima, chimene sanauzepo ngakhale a Tomie, chinali chakuti moyo wawo wonse anthu anadutsa pamaso pawo osaima, ndipo asanafe ankafuna munthu mmodzi yekha aime.

Tsono anayamba kupanga limba lawo. Anagula matabwa a mkungudza, chikopa cha mvukuto ndi guluu, n'kusandutsa tebulo lodyera kukhala malo opalira matabwa. Chitoliro choyamba chinatha patapita masabata atatu. Anachiika pakamwa n'kuuzira, ndipo chinalira kuti pooo, mawu onona, okwana, moti magalasi a kabati ya mbale anayankhira. A Kuramochi anaseka mokweza. A Tomie akuti aka kanali kachiwiri kuwamva akuseka choncho chikwatirane.

Patatha masiku atatu anapeza kalata m'bokosi lawo la makalata pansi pa masitepe. Inachokera ku ofesi yoyang'anira mdadadawo, ndipo inali ya mizere iwiri: ena mwa okhala muno akudandaula za phokoso, tiyeni tiziganizirana. Dzina la wodandaula panalibe, la wodandaulidwa panalibenso. Koma a Kuramochi anaiwerenga ataimirira, thukuta lili kamukamu, ngati yalembedwa ndi dzina lawo m'malembo akuluakulu.

"Ndi mayi a pansipa," anatero atakwera. "Ndi a Ebisawa, palibenso wina."

Mayi Ebisawa anali namfedwa wokhala yekha pa nsanjika yachitatu, pansi penipeni pa tebulo lodyera lija. Ukawapatsa moni pa masitepe ankangokuyang'ana pakamwa n'kugwedeza mutu kamodzi, osayankha. A Kuramochi anali ataganiza kale kuti mayi amenewa ali ndi kanthu kukhosi, ndipo tsopano kanthuko kanaoneka.

Anagula bokosi la mabisiketi a mpunga, lokulunga bwino, natsika nalo. Chitseko chitatseguka anawerama mpaka kuona nsapato zawo zokha, nang'ung'udza mawu opepesa kwa nsapatozo. Mayi Ebisawa anawayang'ana, anayang'ana bokosi, nawerama, nalandira. M'mawa mwake pa chitseko cha a Kuramochi panapachikidwa kabotolo ka zipatso za mapulamu zoviika mumchere.

"Mwaona?" anatero a Kuramochi, kabotolo kali m'manja. "Zowawasa. Akutiuza kuti nkhani sinathe."

"Bambo, ndi mapulamu chabe. Bwanji osangopita kukawafunsa ngati chitoliro chanu chikuwasokosa?"

"Mayi, zinthu zoterezi safunsa. Munthu amangodziwa."

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma a Kuramochi akanakhala kuti alipo tsiku limenelo, akanalidya mwaulemu n'kuyamikira wophika. Kuyambira pamenepo chaka chatsopano chilichonse ankatsika ndi mabisiketi opepesera, ndipo m'mawa mwake mapulamu ankakwera.

Limba sanalisiye, analisamutsa. M'chipinda chogona munali kabati yosungiramo matiresi opinda ndi zofunda, ya chitseko chokoka. M'mawa uliwonse a Tomie akapinda zogonera n'kuziunjika m'menemo, amuna awo ankakwawira pa shelefu ya pansi ndi tochi, kampeni ndi chitoliro chimodzi, n'kudzitsekera pakati pa matiresi. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, wa ana awiri ndi zidzukulu, atapinda mawondo ngati mwana wobisala pothawa mankhwala.

Mawu a chitoliro amakhala pa kamwa lake ndi pa kabowo kolowera mphepo. Ukakuza, chimafuula. Ukachepetsa, chimafatsa. Opanga malimba onse amalimbana ndi kukuza, chifukwa limba lopukusa ndi chinthu cha pamsewu, chopikisana ndi magalimoto. A Kuramochi okha ndiwo ankachepetsa. Ankaimika a Tomie pa khomo lotulukira panja, iwo n'kuuzira ali m'kabati.

"Mayi, mukumva?"

"Pang'ono."

Ankamata kachidutswa ka thabwa pa kabowo, napala, nauziranso.

"Nanga pano?"

"Ngati udzudzu."

Ankamatanso.

"Pano bwanji?"

"Sindikumva kanthu."

"Eya, chakoma chimenechi," ankatero a Kuramochi ndi chimwemwe chenicheni, n'kutenga chotsatira.

Zitoliro makumi anayi ndi ziwiri zinadutsa mayeso amenewo. Ndipo musaganize kuti zinali zoipa. M'kabati muja, khutu lili pafupi, zinkaimba mokoma moti nthawi zina a Kuramochi ankatuluka maso ali ofiira, n'kunamizira fumbi la zofunda. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha anali nako kosefukira. Chimene analibe chinali munthu wowauza kuti nkhono imene akuidikirayo si imene bungwe likufuna. Anzawo ankawauza kuti abwere nalo ku holo ya bungwe alimve lisanathe, iwo n'kumakana mwaulemu kuti chinthu chosatha saonetsa.

"Limba lanulo lilipodi, a Kuramochi?" ankawaseka a Shiotani, akutambasula kapu kuti awathirire. "Kapena ndi la m'maloto? Ine odwala mano anga ankabwera msanga kuposa limba lanu, chonsecho ankandiopa!"

"Likubwera, adokotala."

"Lifike tikadali ndi makutu!"

Chaka chachisanu ndi chiwiri linathadi. A Kuramochi anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, ndipo dzanja lija, limene silinaphonyepo bowo, linali litayamba kunjenjemera m'mawa. Iwo ankadziwa, ngakhale sankanena, kuti lachiwiri sadzapanga.

Lamlungu la msonkhano a Shiotani anabwera ndi galimoto yawo, ndipo awiriwo analitsitsa masitepe atalifunditsa bulangete. Atalivundukula pa bwalo la kumtsinje, madoda aja analiunjirira. Linali lakuda bii, lonyezimira, ngodya zake zolumikizana mosaoneka mpata, zitoliro zili ndandanda ngati mano a mwana wa sukulu. Wina anavula chipewa. A Shiotani analizungulira kawiri, kenaka anatulutsa buku lofiira n'kutsegula cholembera.

"Nyimbo zitatu, monga mwa lamulo," analengeza. "Enanu musapukuse, tiwapatse mpata achikulire."

Kunali mphepo ya kumtsinje. Pa mlatho sitima zinkadutsa motsatizana, chapatali anthu akuchemerera mpira. A Kuramochi, atavala suti imene anapumira nayo ntchito, analowetsa chikatoni, anawerama kwa njira yopanda munthu, nagwira mpini. Chikatoni chinayamba kuyenda. Madoda anadikira. A Tomie anadikira atagwira chikwama ndi manja awiri.

"Yambanitu, a Kuramochi," anatero a Shiotani. "Musachite manyazi."

"Ndayamba kale, adokotala. Ndili pakati."

Palibe anaseka, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa kusekedwa. Madoda anasendera pafupi mmodzimmodzi, napendeketsa mitu. Amene anafika pafupi kwambiri anati akumva kanthu, ndipo kanthuko n'kokoma. Koma odutsa m'njira ankangoona gogo wa suti akupukusa bokosi losalankhula, anzake atamuzinga ngati wadwala, ndipo monga anthu aulemu ankayang'ana kumbali n'kufulumira. Pa nyimbo yachiwiri bambo wina wa galu anaima, mtima wa a Kuramochi n'kudumpha. Koma amene anaima anali galuyo, pa zifukwa zake, ndipo atamaliza, mbuye wake anatola zotolazo n'kumapita. Nyimbo yachitatu inatha chikatoni chitagwera m'dengu lake, ndipo phokoso la kugwa kwakelo ndi limene aliyense analimva bwino.

A Shiotani anatseka cholembera. Anazula chitoliro chimodzi, nachiyang'ana pakamwa mopendeketsa, monga ankachitira ndi odwala awo.

"Mwazitseka pakamwa zonse," anatero, ndipo kwa nthawi yoyamba analankhula motsitsa. "Munalichunira kuti limbali?"

"M'kabati ya zofunda."

"M'kabati ya... Chifukwa?"

"Pansi pathu pali munthu."

Aliyense wa madodawo anali ndi munthu pansi pake kapena kuseri kwa khoma, choncho palibe anafunsanso. Mmodzi anati zingakonzeke: kumatula zonse, kusemanso makamwa, kulimbitsa mvukuto, zaka ziwiri kapena zitatu basi. A Kuramochi anathokoza chifukwa cha malangizowo, dzanja lonjenjemera lija atalibisa m'thumba. Kenaka anathira tiyi, poti nthawi ya tiyi inali itakwana.

Anabwerera dzuwa lisanapendeke kwenikweni. Kutsitsa limba m'mawa kunali kosavuta, koma kukweza kunali nkhani ina, ndipo bulangete lija linali litaiwalika kumtsinje. A Shiotani anagwira kumunsi, a Kuramochi kumtunda, a Tomie pambuyo ndi dengu la zikatoni. Pofika pa nsanjika yachitatu dokotala anali atafiira ngati nkhanu yophika.

"Tsitsani, tsitsani! Ndifera pano ine, ndipo mudzavutika kunditsitsa kuposa bokosili!"

Analitula pa kampata kokhotera masitepe, ndipo linadzaza malo onse kuchokera kukhoma kufika kuchitsulo chogwirira. Apo m'pamene anamva mapazi akukwera pang'onopang'ono, ndi phokoso la jumbo ya m'sitolo. Anali Mayi Ebisawa. Anafika pa sitepe yomaliza, napeza njira ya ku chitseko chawo yatsekedwa, naima.

A Kuramochi anafuna nthaka iwameze, koma pa nsanjika yachitatu nthaka ili kutali. Anawerama n'kuyamba kupepesa kwa nsapato zawo.

Mayiwo anayang'ana bokosi lakuda lonyezimira lija, lofanana ndithu ndi kaguwa kamene anthu a kumeneko amaika m'nyumba kokumbukira omwalira. Anayang'ana a Kuramochi, nayang'ana a Tomie, ngati akuwerenga.

"Pepanitu," anatero ndi mawu aakulu odabwitsa. "Watisiya ndani?"

A Shiotani anali atatha zaka makumi anayi akulankhula ndi nkhalamba zogona pampando wake, ndipo mawu okweza choncho anawazindikira msanga. Anawerama n'kufuulira m'khutu mwawo.

"Palibe wafa, mayi! Ndi limba! Loimba nyimbo!"

"Limba? La bambowa? Taliimbani timve."

"Ayi, ayi, pano ayi," ananong'ona a Kuramochi. "Pa masitepe ayi."

Koma a Shiotani anali atasolola kale chikatoni m'dengu la a Tomie n'kuchilowetsa. "Pukusani, achikulire. Ine sindinyamulanso kanthu mpaka mpweya ubwerere, ndiye mayiwa aima pano basi, mufune musafune."

A Kuramochi anapukusa ngati munthu wosaina mlandu wake. Ndipo m'makoma a simenti aja, mopanda mphepo, mopanda sitima, mopanda matiresi oyamwa mawu, limba lija linamveka. Silinafuule, kufuula silinkadziwa. Mawu ake anangokwera masitepe mofatsa, nabwerera, nadzaza malo onse kuyambira pansi mpaka kudenga. A Tomie anatula dengu. Zaka zisanu ndi ziwiri anaima pa khomo kutsimikizira amuna awo kuti sakumva kanthu, ndipo aka kanali koyamba kumva chimene sankamvacho. Anagwira pakamwa. A Shiotani anaiwala kupuma movutikira.

"Kwezaniko!" anafuula Mayi Ebisawa. "Sindikumva!"

Mpini unatsala pang'ono kupulumuka m'dzanja la a Kuramochi. Limba lopukusa lilibe pokwezera. Mawu ake anasemedwa m'thabwa, ndipo amene anawasema, chitoliro ndi chitoliro, chifukwa cha mayi omwewa, anali iwo.

"Silikwera, mayi," anatero.

Mayiwo sanamve yankho, koma anaona kuti palibe chasintha. Anatula jumbo yawo pa sitepe, anagwira chitsulo, nawerama pang'onopang'ono mpaka khutu lawo linagunda thabwa la m'mbali mwa limba. Anatseka maso. Anakhala choncho, msana utapindika, tsitsi la imvi likugwedezeka ndi kupuma kwa mvukuto, mpaka bowo lotsiriza linadutsa ndipo chikatoni chinagwa.

"Ee," anatero akudzuka. "Muli kanthu m'menemu. Makutu angawa anafa zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, ngakhale bingu ndimangoliona pa windo. Koma ichi chandilowa m'fupa."

A Tomie anasendera n'kufuulira m'khutu muja.

"Nanga phokoso lija munadandaula ku ofesi, mayi?"

"Phokoso lanji? Ine ndidandaule phokoso? Ndikanalimva ndikanapita kukathokoza!" Anatembenukira kwa a Kuramochi. "Koma poti takumana, bambo, ndifunseko. Mabisiketi aja ndi a chiyani? Chaka ndi chaka! Mano ndilibe, ndimapatsa nkhunda. Ndiye ndimavutika kuviika mapulamu kuti ndibweze, poti munthu sungangolandira. Ndinkati mwina kwanu kuli wachibale wogwira ntchito kofakitale ya mabisiketi."

A Shiotani anakhala pansi pa sitepe n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Kalata ija inali m'mabokosi onse, bambo," anatero a Tomie chapansipansi. "Inali ya makina ochapira a anthu a nsanjika yachisanu. Ndinakuuzani."

"Simunandiuze."

"Ndinakuuzani. Munali m'kabati."

Dokotala atamaliza kutsokomola anapukuta misozi, natsegula chikwama, natulutsa buku lofiira. Nkhope yawo inasintha n'kukhala ya wapampando.

"Tiyeni tione lamulo. Lero ndi tsiku la msonkhano, dzuwa silinalowe. Panja? Masitepe si nyumba ya munthu, ndiye ndi panja. Aima? Aima, ndaona ndi maso angawa. Kuyambira poyamba mpaka pothera? Eya. Chatsala chimodzi: akhale mlendo." Analoza mayiwo ndi cholembera. "A Kuramochi, mayiwa mumawadziwa?"

"Ndi anansi athu, adokotala. Takhala pamwamba pawo zaka makumi atatu ndi chimodzi. Sizingawerengedwe." Ngakhale pamenepo, a Kuramochi sakanalola tikiti yolakwika idutse pa geti.

"Sindinafunse kumene amagona. Dzina lawo loyamba ndani?"

A Kuramochi anayang'ana chitseko, pamene panalembedwa Ebisawa basi. Anayang'ana a Tomie, ndipo a Tomie anayang'ana pansi.

"Amuna awo anamwalira liti? Ana ali nawo? Munkadziwa kuti samva?"

A Kuramochi anapukusa mutu.

"Mlendo," anatero a Shiotani, nalemba.

Cholembera chinkamveka kukanda pepala. Chimene a Kuramochi anachilakalaka zaka zisanu ndi ziwiri chinali chikulembedwa pamaso pawo, dzina lawo losalakwitsa ngakhale pamodzi, ndipo anakondwa, sitingawanamizire kuti sanakondwe. Koma manyazi anawagwira kuposa a kumtsinje aja. Iwo ankadandaula kuti anthu anawadutsa moyo wonse osawayang'ana kumaso, pamene iwo eni anawadutsa mayi awa pa masitepe omwewa zaka makumi atatu, akupepesa kwa nsapato.

Anaweramuka, nawayang'ana kumaso.

"Mayi, dzina lanu ndani?"

"Mwati?"

"Dzina lanu," anatero mokwezako, mawu akunjenjemera posazolowera.

Mayiwo anaika dzanja kukhutu n'kupukusa mutu.

A Kuramochi anakoka mpweya wodzaza chifuwa, monga anachitira tsiku la chitoliro choyamba lija.

"NDATI DZINA LANU NDANI, MAYI?"

Mawuwo anagunda denga la nsanjika yachisanu n'kutsika mpaka ku mabokosi a makalata. Kumtunda chitseko chinatseguka, kumunsi china, mitu ikusuzumira kuti ione amene wapenga. Palibe anakhulupirira kuti ndi bambo a nsanjika yachinayi aja.

"Fusae," anayankha mayiwo. "Koma musamakuwe choncho, bambo. Muno mumakhala anthu."

Atatero anagwiranso chitsulo, nawerama, naika khutu pa thabwa, nadikira.